Ndine Kadontho

Foni anandisolola m'depoti Lachisanu,
inapita ndi misewu yonse inali m'menemo.
Ndinatsala ndi galimoto ya eni,
ndalama ya bwana yoti ikwane pofika madzulo,
ndi mzinda wosadziwa kuwerenga.
Uchoka Eliya 3, wagwera mu 9.
49 yatsamira 25 ngati anzake a pabawo.
Ine wa ku Mtakataka, miyezi isanu mu Lilongwe,
ndinazungulira raundi imodzi katatu
mayi wa chikwama chofiira akutsonya kumbuyo.

Ndaziona sanandifunse kanthu.
Anaona m'mene ndinavulira nsapato.

Pansi pa bedi panali kachidole ka magemu,
kaja ndinamugulira pamulu ku Tsoka
chaka chimene anakhoza Sitandade 5,
galasi long'aluka pakona,
batani limodzi lomira ngati dzino lobooka.
Anakatsegula mimba ndi nsonga ya mpeni.
Kwa a Kampira, okonza mawailesi ku Malangalanga,
anakatenga pangongole kabokosi konga ka machesi,
akuti kamamva zonena za masetilaiti.
Mapu anakakopera kusukulu, pa kompyuta ya aphunzitsi,
sindinafunse ngati anapempha.

Magetsi anathima, monga mwa masiku onse.
Anaika msomali pa mbaula mpaka unafiira,
naugwira ndi pulayala,
nadontheza mtovu pa timawaya tinayi:
kofiira, kakuda, koyera,
ndi kena kochokera ku mahedifoni akufa.
Ine ntchito yanga inali kuunika tochi
ndi kukalipiridwa ndikagwedeza dzanja.
Usiku woyamba, utsi.
Wachiwiri, chala chake chinatuwa, anachiviika m'kapu osalira.
Wachitatu tinatuluka panja, Kawale yense ali mtulo,
iye atakweza kachidole kumwamba
ngati munthu wopempha mvula.

Tinadikira. Agalu. Udzudzu.
Kenaka pagalasi panabadwa kadontho kobiriwira.
Ababa, ndinu amenewo.
Zaka makumi anayi ndi zitatu,
ndipo kumwamba kwandiona lero, pafupi ndi dzala.

Tsopano kamakhala pa dashibodi,
komanga ndi mphira ya chubu cha njinga,
kakuyamwa moto pabowo loyatsira fodya.
Sikalankhula. Pokhota kamalira
kulira komwe kankalira chilombo cha m'gemu chikafa.
Okwera amaseka: adalaivala, mukusewera?
Ndimati eya, ndipo ndatsala ndi moyo umodzi.

Kamanama nthawi zina.
Ku Mtandire kanandilozera mlatho
umene madzi anatenga dzinja latha.
Msewu watsopano sikaudziwa,
kamandionetsa ndikuyandama m'munda mwa munthu.
Pansi pa mitengo ya ku Eliya 10 kamasokonezeka mutu,
kadontho kuima, ine ndikuyendabe,
ngati mzimu wanga watsika kukagula chimanga chootcha.

Koma Loweruka lililonse Ndaziona ankakhala kutsogolo
ndi kope pamwendo,
kulemba zimene masetilaiti saona:
dzenje la pa Biwi lodya matayala,
pamene apolisi amabisala kuseri kwa chikwangwani,
njira yachidule ya ku Chinsapo yodutsika chilimwe chokha.
Maenje anawaika ngati tizigaza.
Mzinda wonse tizigaza.

Mwezi watha anasankhidwa kusekondale yogonera konko.
Ndinamuperekeza ndekha, sutukesi kumbuyo,
kachidole kakulira pa mphambano iliyonse,
tonse awiri chete.

Usiku uno wotsiriza watsikira ku Kanengo.
Ndadina batani lomira lija, lobwerera kunyumba,
ngakhale njirayo tsopano ndimaidziwa ndi m'maso motseka.
Mzere wajambulika, kudutsa Lingadzi, kudutsa tauni,
mpaka pa kanyumba kamene anajambula yekha,
denga lopendama, khomo lopanda chitseko.
Pansi pake, m'malo molemba Kawale 2,
analemba kuti: mwafika, zimitsani nyali,
batire ndi la eni.